Funsani Anamwino: Ndamwa Clomid miyezi 8, ndiwonjezere?

Mwezi uno ndalandira makalata angapo okamba za mankhwala othandiza kuima. Ndasankhapo atatu. Yoyambayi ndaipatsa malo ambiri chifukwa nditaiwerenga ndinasowa tulo.

Okondedwa Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 29 ndipo ndakhala pabanja zaka zinayi. Chaka choyamba ndinaima, koma ndinapita padera mimba ili ndi miyezi itatu. Pambuyo pake ndinadwala kwambiri, m'mimba mukupweteka, thupi likutentha, kumusi kukutuluka zonunkha, mpaka anandigoneka masiku asanu. Chichokereni pamenepo sindinaimenso. Kumwezi ndimapita bwinobwino, pakatha masiku 28 kapena 29. Alamu anga a ku Johannesburg anandibweretsera mapilitsi a Clomid, akuti anzawo kumeneko amamwa omwewo n'kuima. Ndamwa miyezi 8, poyamba limodzi patsiku, panopa awiriawiri. Mwezi wathawu ndinayamba kuona tinyenyezi m'maso, ndipo usiku thupi limachita kuwawuka. Abambo akunyumba akuti iwo alibe vuto poti ali ndi mwana wa zaka 9 amene anabereka tisanakwatirane. Apongozi ayamba kale kuponya mawu. Kodi ndiwonjezere mapilitsi akhale atatu?

Wosweka mtima, Area 25, Lilongwe

Mwana wanga,

Musawonjezere. Ngakhale amene atsala m'bokosimo musamwenso. Tinyenyezi ta m'masoto si nkhani yongopirira. Kapepala ka m'bokosi la Clomid kamanena poyera kuti mayi akayamba kuona zimenezo kapena kuona mwachimbuuzi asiye pomwepo n'kukaonana ndi dokotala. Kwa ambiri zimatha akasiya, koma alipo ena amene zinawakhalitsa. Pitani sabata inoyi, ndipo bokosilo mulitenge kuti akaone zimene mwakhala mukumwa.

Tsopano tikhale pansi ndikufotokozereni ntchito ya mapilitsiwa, chifukwa alamu anuwo anachita ndi mtima wabwino koma sanadziwe kuti akukupatsani chiyani.

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kochepa ngati nsawawa. Mwezi uliwonse kamatumiza homoni yotchedwa FSH ku matumba a mazira, kuwauza kuti akhwimitse dzira limodzi. Dziralo likamakula limatulutsa homoni ina, estrogen, ndipo ubongo ukaimva umachepetsa FSH. Clomid, amene dzina lake lenileni ndi clomiphene citrate, amatseka ubongo makutu kuti usamve estrogen. Ubongo umaganiza kuti kumusiku kwagona, ndiye umatumiza FSH yochuluka. Mayi amene mazira ake sakhwima okha amathandizika zedi, n'chifukwa chake mankhwalawa akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1960. Ntchito yake yathera pomwepo. Amadzutsa dzira, basi.

Inu mukuti kumwezi mumapita pakatha masiku 28 kapena 29 osaphonya. Mayi wotere nthawi zambiri dzira lake limakhwima lokha mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti kwa miyezi 8 mwakhala mukudzutsa munthu wodzuka kale.

Chimene chandiimitsa mutu m'kalata yanu ndi matenda aja munadwala mutapita padera. Pakati pa thumba la mazira ndi chiberekero pali kachubu kotalika ngati masentimita 10, mbali ino kamodzi, mbali inayo kamodzi. M'kati mwake ndi mopanikiza kwambiri, pena ngati ulusi. Dzira ndi mbewu ya abambo zimakumana mmenemo. Tizilombo tikakwera kuchokera m'chiberekero, kaya mutapita padera, kaya mutachira kumene, kaya chifukwa cha chinzonono kapena chlamydia amene nthawi zambiri sapweteka n'komwe, machubuwo amapola ndi zipsera ndipo amatha kumatana. Mlatho ukakokoloka ndi madzi, kuwonjezera maminibasi padepoti sikuolotsa munthu. Mukhoza kumwa mapilitsi atatu, mazira akhwime awiri kapena atatu, onsewo adzaima tsidya lino.

Si ine ndekha ndikuganiza choncho. Bungwe la WHO linapima mabanja osowa ana m'mayiko ambiri, zotsatira zake n'kutuluka mu 1985. Mwa amayi a muno mu Africa amene anapimidwa, pafupifupi theka anali ndi machubu onse awiri otseka, pamene kumayiko olemera anali pafupifupi mayi mmodzi pa khumi alionse. Kwathu kuno vuto lalikulu la amayi ndi njira, ndipo palibe pilitsi lotsegula njira. Ndikadakhala nanu pafupi ndikanafunsanso kumene munakulira. Amene anakulira kunyanja, ku Salima, Nkhotakota, Mangochi, kapena kumadambo a mpunga, likodzo limatha kuikira mazira ake m'ziwalo zoberekera, osati m'chikhodzodzo mokha. Praziquantel amapha nyongolotsizo koma zipsera zakale sachotsa. Adokotala mukawauze zimenezi ngakhale asanafunse.

Sindikunena kuti machubu anu ndi otseka ayi. Munthu sapimidwa pakalata. Ndikunena kuti chofunika kwa inu ndi chithunzi chotchedwa HSG. Amachijambula mukangomaliza kusamba, lisanakwane tsiku la 10 kapena 12 kuwerengera tsiku limene munayamba. Amathira mankhwala amadzi kudzera pakhomo la chiberekero n'kujambula ndi X-ray kuti aone ngati madziwo atulukira kumapeto kwa machubu. Zimapweteka ngati cham'mimba cha kumwezi, kwa mphindi zochepa, ndipo mutenge padi. Yambirani kuchipatala chapafupi, akulembereni kalata yopita kwa madokotala a matenda a amayi ku Kamuzu Central, ndipo kumeneko mutchule dzinalo, HSG, adzakuuzani kojambulitsa. A kumwera amapita ku Queen Elizabeth kapena Zomba Central, a kumpoto ku Mzuzu Central.

Pali chinthu china choti muchisunge m'mutu kuyambira lero. Chubu choonongeka pang'ono chimatha kulola mbewu kudutsa koma n'kukaniza dzira lija likayamba kukula, mimba n'kukhala m'chubu momwemo. Mukadzadumphitsa mwezi kenako n'kumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, kudontha magazi pang'onopang'ono, chizungulire, kapena kupweteka pamwamba pa phewa, musadikire kuche. Chubu chikaphulika mayi amataya magazi m'kati osaoneka, ndipo maola ochepa amakwana kutenga moyo.

Nanga bwanji za miyezi 8? Madokotala amayamba ndi mamiligalamu 50 patsiku kwa masiku asanu okha, kuyambira pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu la kusamba, ndipo amaonetsetsa ndi sikani kapena magazi ngati dzira lakhwimadi asanakweze mlingo. Sapyola miyezi isanu ndi umodzi. Amene amaima ndi Clomid ambiri amaima m'miyezi itatu kapena inayi yoyambirira. Ndipo pali mbali imene ogulitsa sanena: mankhwala omwewa amene amatseka ubongo makutu amathanso kupyapyalitsa mphasa imene chiberekero chimayala mwezi uliwonse kuti mwana agonepo, komanso kuumitsa chikazi chimene mbewu imasambiramo. Kumwa kwambiri ndiponso nthawi yaitali kukhoza kukubwezani m'mbuyo. Awa ndi mankhwala ogula ndi kalata ya dokotala, kufamase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA. A m'chikwama cha munthu wapaulendo kapena otsatsidwa pa Facebook simudziwa kuti m'kati mwake muli chiyani.

Tibwere kwa abambo akunyumba. Mwana wa zaka 9 akuchitira umboni za mmene thupi lawo linalili zaka 10 zapitazo. Inunso munaimapo zaka zinayi zapitazo, koma palibe amene akuti inu mulibe vuto chifukwa cha zimenezo. Mwamuna naye amasintha. Chinzonono chimatseka njira zake monga chimachitira kwa mkazi. Matsagwidi akagwira munthu wamkulu amatha kutsikira kumachende. Pali mitsempha yotupa ya kumeneko, pali mowa, pali fodya. Pa mabanja osowa ana, pafupifupi theka mwamuna amakhala ndi mbali yake pavutolo, kaya yekha kaya pamodzi ndi mkazi. Ndipo mphamvu za kuchipinda ndi nkhani ina, mbewu ndi nkhani ina. Mwamuna amatha kukhala wochitachita, umuna ukutuluka wooneka bwinobwino, koma pagalasi la kulabu osapezekamo kambewu ngakhale kamodzi.

Ndikunena izi ndi chisoni chifukwa ndinalakwitsapo. Ndili wachitsikana pantchito, pachipatala china, kunkabwera mayi wina wochokera kutali, njinga za kabaza kunalibe nthawi imeneyo, ankayenda pansi. Anali ndi kope la kusukulu momwe ankalembamo masiku ake a kumwezi ndi pensulo, mwaukhondo ngati mphunzitsi. Anandiuza kuti mwamuna wake sangabwere, ndi wotanganidwa kumunda, ndipo ine ndinavomera msanga. Ndinamuperekeza ndekha kwa dokotala n'kupempha kuti amulembere Clomid. Anamwa miyezi isanu ndi umodzi, mwezi uliwonse akubwera ndi kope lija, mwezi uliwonse akubwerera akulira. Nkhani inafika kwa ankhoswe kawiri, akumutchula chumba pamaso pa abale ake. Pamene mwamunayo anadzabwera, patatha chaka, zinangotenga m'mawa umodzi kudziwa kuti analibiretu mbewu. Mayi uja analibe vuto lililonse. Kuyambira tsiku limenelo sindinalolenso kuti mayi ayambe mankhwalawa mwamuna wake asanapimidwe, ngakhale andikwiyire.

Kupima kwa abambo n'kophweka kuposa kwanu. Palibe singano, palibe kuvula pamaso pa munthu. Amakhala masiku awiri mpaka asanu ndi awiri osagonana, amaika umuna m'kabotolo kamene alabu apereka, n'kukafikitsa lisanathe ola limodzi, kali m'thumba la malaya kuti kasazizire. Muyezo wa WHO wa 2021 umayembekezera mbewu zosachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi, ndipo amaonanso ngati zikuyenda. Zotsatira zikaipa amabwereza pakatha miyezi itatu, chifukwa malungo okha amatha kugwetsa chiwerengerocho kwakanthawi.

Powauza musanene kuti "inunso mukayezetse", amva ngati mukuwatcha gojo. Muwauze kuti adokotala sangayambe kukuthandizani inu popanda zotsatira zawo, ndipo limenelo si bodza. Akakanabe, pezani nkhoswe yawo kapena mkulu wa mpingo amene amasunga pakamwa. Za apongozi, amene ayenera kuwayankha ndi mwana wawo, osati inu. Ndipo wina akadzakunong'onezani za fisi, kumbukirani kuti fisi sabwera ndi mwana yekha, amabweranso ndi zimene zili m'magazi mwake.

Zikapezeka kuti chubu chimodzi n'chotseguka, mwayi ulipo ndithu. Zikakhala zotseka zonse, pena opaleshoni imathandiza malinga ndi pamene zatsekera, apo ayi njira yake ndi IVF, imene dzira ndi mbewu amazikumanitsira kulabu n'kubwezera m'chiberekero. Mwana woyamba kubadwa mwanjira imeneyi, Louise Brown, anabadwa mu 1978 ku England kwa mayi wa machubu otseka amene anadikira zaka 9. Ndi yodula kwambiri, sindikubisirani, ndipo a kwathu ena amaipitira ku South Africa kapena ku India. Koma ndi bwino kudziwa zoona muli ndi zaka 29 kusiyana ndi kudzadziwa muli ndi 39, ndalama zitathera m'mapilitsi ndi m'mabotolo a zitsamba. Pakadali pano yambani kumwa folic acid, mamaikulogalamu 400 patsiku, ndipo nonse awiri mukayezetse HIV ndi chindoko. Mudzandilemberenso mukajambulitsa.

Okondedwa Anamwino,

Ndili ndi zaka 26. Kumwezi ndimapita katatu kapena kanayi pachaka, ndipo kuchibwano kumamera tindevu timene ndimazula mobisa. Atandijambula sikani anati ndili ndi PCOS. Amuna anga anayezetsa, ali bwino. Adokotala andilembera letrozole, mamiligalamu 2.5 kwa masiku asanu. Koma nditawerenga kapepala ka m'bokosi kakuti ndi mankhwala a khansa ya m'mawere. Kodi akundibisira kuti ndili ndi khansa? Sindinamwe, ndikuopa.

Wamantha, Chinamwali, Zomba

Mwana wanga,

Sakukubisirani kanthu. Kapepalako sikakunama, letrozole anapangidwiradi amayi odwala khansa ya m'mawere amene anasiya kusamba, ndipo iwo amamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka. Ntchito yake ndi kuchepetsa estrogen m'thupi. Kwa inu, masiku asanu okha amakwana kuti ubongo uone kuti estrogen watsika n'kutumiza FSH ija ndafotokoza pamwambapa, dzira n'kukhwima. Kenako mankhwalawo amachoka m'thupi msanga, mphasa ya m'chiberekero n'kuyalika bwino.

Dokotala wanuyo ndamuyamikira. Mu 2014 ku America anatulutsa kafukufuku wa amayi 750 a PCOS, vuto la mahomoni limene limalepheretsa mazira kukhwima mwezi ndi mwezi, ena atapatsidwa letrozole, ena Clomid. Pa amayi 100 alionse, a letrozole amene anabereka mwana wamoyo anali pafupifupi 27, a Clomid pafupifupi 19. Kuyambira 2018 malangizo a padziko lonse a PCOS amaika letrozole patsogolo. Inu ndiye munthu weniweni amene mankhwala otere anayenera, chifukwa vuto lanu ndi dzira losakhwima. Timadontho tambirimbiri timene anaona pasikani si zotupa zofunika opaleshoni. Ndi timazira timene tinayamba kukula n'kuima panjira.

Poti simudziwa tsiku lanu, mwezi uliwonse musanayambe mapilitsi muziyamba mwayeza ngati simunaime kale, chifukwa sayenera kumwedwa ndi mayi woyembekezera. Kumwezi kukapanda kubwera, adokotala amapereka kaye mapilitsi ena okubweretsa, ndiye mumawerengera pamenepo. Mukamaliza asanu aja, muzikhala malo amodzi ndi amuna anu pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka kuyambira tsiku la 10 kufikira la 20. Sipafunika tsiku lililonse, ndipo za kuimika miyendo kukhoma zilibe phindu. Cha pa tsiku la 21 mukayezetse magazi a progesterone, ndiwo amanena ngati dzira linatulukadi. Ngati silinatuluke, adokotala akhoza kukweza kufika mamiligalamu 5 kapena 7.5. Kukwezako ndi kwawo, osati kwanu. Mutu, kutopa ndi kachizungulire pang'ono zimachitika ndipo zimatha.

Simunanene za thupi lanu, koma ngati ndinu wonenepa, kutsitsa pang'ono pokha kumadzutsa mazira mwa amayi ambiri a PCOS. Wa makilogalamu 80 akataya 4 mpaka 8 amatha kuona kusintha. Chepetsani zakumwa zotsekemera, shuga wa mutiyi ndi mandasi, mitanda ya nsima ichepe, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke, ndipo muziyenda ndawala. Mupemphenso akuyezeni shuga, chifukwa PCOS ndi matenda a shuga amayendera limodzi. Akakupatsani metformin, mankhwala a matenda a shuga, musadabwe, naye amathandiza. Ndipo ngakhale mutadzabereka, musamalole miyezi yopitirira itatu kudutsa osasamba, mphasa ikaunjikana nthawi yaitali imatha kudzayambitsa matenda m'chiberekero.

Mapilitsi akakanika pamabwera majakisoni a FSH. Amenewo ndi amphamvu, amafuna sikani pafupipafupi, ndipo munthu asayerekeze kudzibaya yekha popanda dokotala womuyang'anira. Matumba a mazira amatha kutupa mopyola, mimba n'kufufuma, kusanza, mkodzo kuchepa, mpweya kubanika. Zikatero n'kuthamangira kuchipatala.

Ndionjezepo mawu kwa amene amandifunsa mankhwala "a mapasa". Clomid amabweretsadi mapasa kwa amayi pafupifupi 5 mpaka 10 pa 100 alionse amene aima, letrozole mocheperapo. Koma ine ndine mzamba, ndakhalapo m'chipinda cha kangaru ndi amayi atamangirira pachifuwa tiana tosakwana makilogalamu awiri, tobadwa masiku asanakwane. Mimba ya mapasa imakweza BP, imachepetsa magazi, imathera kumpeni kawirikawiri. Akabwera okha timawalandira ndi nthungululu. Kuwafunafuna ndi mapilitsi, ine sindingalimbikitse mwana wa munthu.

Kamweni mankhwala anuwo monga anakuuzirani.

Anamwino,

Ndine bambo wa zaka 34. Akazi anga anabayitsa Depo zaka ziwiri, jakisoni womaliza anabayitsa miyezi 14 yapitayo, koma mpaka lero zii. Ine ndikuona kuti Depo anawaumitsa. Mnzanga wa kujimu wakhala akundibaya testosterone kwa miyezi isanu kuti mbewu yanga ikhale yamphamvu. Akazi angawa ndiwagulire mankhwala anji?

Bambo wa ku Luwinga, Mzuzu

Bambo,

Zikomo polemba, abambo ambiri safika ndi pamenepa. Musawagulire kanthu. Depo saumitsa mayi, amangochedwetsa. Amayi ambiri amaima pakatha miyezi ngati 10 chibayitsireni jakisoni womaliza, ena amafika chaka ndi theka. Ngati mayiwo ayambiranso kusamba mwezi ndi mwezi, ndiye kuti thupi lawo labwerera.

Jakisoni amene akundidetsa nkhawa ndi wanuyo. Testosterone wobaya amakuza minofu ndi chilakolako, koma ubongo ukaona kuti wachuluka m'magazi umasiya kulamula machende kupanga mbewu. Amazimitsa kwambiri moti cha m'ma 1990 WHO inamuyesa ngati njira ya kulera ya abambo, ndipo ambiri mwa amene ankabayidwa mbewu yawo inatheratu m'miyezi yochepa. Kunena mosapsatira, kwa miyezi isanuyi amene akulera m'nyumbamo akhoza kukhala inu.

Musabayitsenso, ndipo mupite kwa dokotala mukamuuze dzina la mankhwalawo ndi nthawi imene mwabayitsa, chifukwa mukasiya thupi limatha kufooka ndipo mtima umagwa kwakanthawi. Mbewu imatenga masiku ngati 74 kuti ipangike, choncho musayembekeze kusintha isanathe miyezi itatu. Kwa ambiri imabwerera pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ndi chaka, ena amachedwerapo. Mukayezetse umuna panopa, mudzabwerezenso pakatha miyezi itatu, ndipo ulendo woyambawo mupite limodzi ndi mayiwo kuti nawonso akawaone ngati mazira ayamba kukhwima.